Ndalama Yochepa Sigula Kawiri

Munthu wa ku Chikale akafuna kukagula zinthu pa msika wa Nkhata Bay amayenda makilomita pafupifupi awiri, kukwera chitunda ndi kutsikira cha ku doko kumene imaima sitima ya Ilala. M'mawa uliwonse mudzakumana ndi amayi pa njira imeneyi, mwana ali kumbuyo, dengu lili kumutu, ndalama atazimanga pa nsonga ya chitenje. Mfundo ya ndalamayo njaing'ono, koma zoiyembekezera nzambiri: ndiwo za lero, mchere, sopo, mafuta ophikira, mwinanso malaya a mwana amene akukula msanga. Pobwerera masana, mfundo ija yamasulidwa kale ndipo mulibe kanthu. Chatsala nchimene chili m'dengumo. Kodi chimenecho chilimbitsa banja, kapena chidzalibweretsa kuno ku chipatala?

Ntchito yanga njoyendera misika, malo odyera, malo ophera nyama ndi zitsime, kuona ngati zonse zili zaukhondo. Ndimaona zimene anthu amagula, ndipo pa tsiku la sikelo ya ana ndimaonanso zotsatira zake. Pa zaka zimene ndagwira ntchitoyi ndaphunzira chinthu chimodzi chimene ndifuna tikambirane lero. Mtengo weniweni wa chinthu si ndalama yokha imene mwapereka kwa wogulitsa. Muyenera kuwerengeranso masiku amene chinthucho chidzakutumikirani, matenda amene chingabweretse m'nyumba, ndiponso chimene chidzasiya m'nthaka ndi m'nyanja mukatha nacho. Wolemera akagula choipa amataya nkukagula china. Ife a ndalama zochepa mwayi umenewo tilibe.

Zinthu zadula, tisakane

Sindingayambe kulangiza ngati munthu wosadziwa mmene zinthu ziliri. Mu Meyi 2022 ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100, ndipo mu Novembala 2023 idatsitsidwanso ndi 44 pa 100. Chilichonse chochokera kunja chidakwera mtengo, ndipo katundu wofika ku Nkhata Bay amalipiriranso galimoto yomutsitsa kuchokera ku Mzuzu. Mu Febuluwale 2025 ogulitsa kaunjika mu mzinda wa Lilongwe adayenda mpaka ku Nyumba ya Malamulo kukadandaula za kukwera mtengo kwa mabelo a zovala. Nthochi zimene kale zinkapsa nkumaolera m'minda ya boma lino zidachepa chifukwa cha matenda a chisaka, amene adalowa m'dziko muno m'zaka za m'ma 1990, kotero kuti mabanja ambiri adayamba kugula chipatso chimene makolo awo ankangothyola kuseri kwa nyumba.

Zonsezi nzoona, ndipo mayi wa ku Chikale sangazisinthe yekha. Koma pali zina zimene zili m'manja mwake, ndipo nzimene tiyenera kuzigwiritsitsa.

Chakudya chabwino chili pafupi

Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 37 mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno adali opinimbira. Mwana wopinimbira si wamfupi chabe ayi. Amadwaladwala, ndipo kusukulu nzeru zake sizithamanga monga za anzake. Chomvetsa chisoni nchakuti ana otere amapezeka ngakhale m'mbali mwa nyanja, kumene nsomba zimatsika m'mabwato tsiku ndi tsiku.

Chakudya chathu chenicheni kuno ndi nsima ya kondowole. Imakhutitsa, imapatsa mphamvu, ndipo chinangwa sichikhumudwitsa mlimi ngakhale mvula itavuta. Koma tidziwe kuti ufa wa chinangwa uli ndi zomanga thupi zochepa kwambiri, zochepa kuposa za ufa wa chimanga. Mwana wodya kondowole ndi msuzi wokha amakhuta, koma thupi lake silimangika. Pakapita nthawi tsitsi limayamba kufiira, miyendo nkutupa, ndipo amayi amadabwa chifukwa mwanayo sagona ndi njala.

Mankhwala ake ali pompano. Usipa ndi ndiwo yaing'ono m'maso, koma popeza umadyedwa wonse, mutu ndi minga yomwe, umapatsa mwana zomanga thupi pamodzi ndi mchere wolimbitsa mafupa ndi mano. Usipa wouma mungausinje, nkusefa, nkuthira supuni imodzi kapena awiri m'phala la mwana amene wakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi. Chigwada, masamba a chinangwa chomwecho, chili ndi zomanga thupi zambiri kuposa muzu wake, ndipo sichigulidwa. Chisinjeni bwino, chiphikeni mpaka chipse ndithu, thiranimo nsinjiro. Alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Taonani mbale iyi: kondowole, usipa, chigwada chotendera, papaya ndi peyala pambali. Magulu onse akwanira, ndipo palibe chimene chakwera galimoto kuchokera kutali.

Mbatata yofiira m'kati, monga Zondeni ndi Kadyaubwerere, ili ndi vitamini A woteteza maso ndi kulimbitsa thupi pa matenda. Mzere umodzi kapena iwiri kuseri kwa nyumba ikwanira kadzutsa wa ana kwa milungu ingapo. Funsani alangizi a zaulimi za mbeu yake.

Tsono chimene chimandiwawa mtima nchiyani? Nkuona banja likugulitsa nsomba zonse, mazira onse ndi mtedza wonse, kenaka nkutenga ndalama yomweyo kukagulira ana zakumwa zotsekemera za m'botolo ndi tokhwasula ta m'mapepala. Mwana amakondwa kanthawi, mimba imadzaza shuga, mchere ndi utoto, ndipo nthawi ya nsima akana kudya. Tagulitsa chomanga thupi kuti tigule chopanda ntchito, ndipo pepala lake latsala likuuluka pabwalo. Musanagulitse, patulani gawo la ana. Dzira limodzi m'mimba mwa mwana liposa botolo la zotsekemera.

Chinangwa sachithamangira

Amene mumagula ufa wa kondowole pa msika, mvetserani. Chinangwa chowawa chili ndi poizoni amene amachoka pokhapokha chikasendedwa, chikaviikidwa m'madzi masiku atatu kapena anayi mpaka chitafewa ndithu, ndi kuyanikidwa padzuwa mpaka kuuma gwa. Makolo athu adadziwa zimenezi popanda sukulu. Koma njala ikakula, kapena wogulitsa akafuna ndalama msanga, ena amachivuula chisanafewe.

Zotsatira zake zidaoneka ku Mozambique, m'chigawo cha Nampula, m'chaka cha 1981. Kudali chilala, anthu ankadya chinangwa chowawa chosakonzedwa bwino popanda ndiwo zokwanira, ndipo oposa 1,000, makamaka amayi ndi ana, adapuwala miyendo. Matenda amenewa amatchedwa konzo, ndipo wopuwala nawo sachira. Chomwecho ufa ukakhala wowawa pa lilime, kapena banja lonse likamva chizungulire, mutu ndi kusanza litadya nsima, lekani ufawo ndipo bwerani ku chipatala. Gulani kwa munthu amene mukumdziwa kuti amaviika mokwanira, ngakhale mbale yake itakwererapo pang'ono.

Pa msika pitani ndi maso ndi mphuno

Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chinthu chikatsika mtengo modabwitsa, dzifunseni chifukwa chake.

Nsomba yaiwisi yabwino ili ndi maso owala, thupi lolimba, ndipo mukaidinda ndi chala sipatsala chibowo. Nsomba ya madzulo imene yatsitsidwa mtengo chifukwa yayamba kufewa ndi kununkha ingakutsitsireni mtengo wa ndiwo nkukukwezerani mtengo wa mankhwala. Pa nsomba zouma, nunkhizani. Alipo ogulitsa ena osaopa amene amawaza mankhwala ophera tizilombo ta m'munda kuti nsomba zisafumbwe. Mukamva fungo la mankhwala, musagule, ndipo dziwitsani a zaumoyo.

Mtedza ndi chimanga zachuku zimagulitsidwa motchipa, ndipo ambiri amati zikasinjidwa sizioneka. Kusaoneka si kuchoka. Chuku chimasiya poizoni amene saphedwa ndi moto, amene amaononga chiwindi pang'onopang'ono ndi kulepheretsa ana kukula. Ndi bwino kugula mtedza wosasinja, kusankha nokha, kutaya wofota ndi wakuda, nkudzisinjira kunyumba.

Mchere gulani wa ayodini, umene umateteza ku chithokomiro ndi kuthandiza ubongo wa mwana amene ali m'mimba. Usungeni m'chitini chotseka, kutali ndi moto ndi chinyezi. Mafuta ophikira a m'fakitale ndi shuga wa m'dziko muno amathiridwa vitamini A, koma mafuta okhala tsiku lonse padzuwa m'timabotolo toonekera m'kati amataya mphamvu imeneyi. Funsaninso kuti kabotoloko kadali ka chiyani, ndipo kadatsukidwa ndi madzi otani. Za m'zitini ndi za m'mapaketi, werengani tsiku lothera ntchito, ndipo ngati kuwerenga kukuvutani, pemphani mwana wa sukulu akuwerengereni. Chitini chotupa kapena chadzimbiri chisiyeni pomwepo.

Za zakudya zophikaphika zogulitsa poyera sindiyenera kunena zambiri kwa anthu a Nkhata Bay. Mliri wa kolera umene udayamba ku Machinga mu Malichi 2022 udafika m'boma lino mwamphamvu chaka chomwecho, ndipo pofika kumapeto kwa 2023 udali utapha anthu oposa 1,700 m'dziko lonse. Tidaika m'manda anthu amene dzulo lake adali bwinobwino. Chakudya chozizira, chosavundikira, chogwiridwa ndi manja omwe akulandira ndalama, nchodula kuposa chakudya china chilichonse pa msika. Zipatso tsukani ndi madzi otetezedwa ndi kolorini kapena owiritsa musanapatse mwana.

Nanga zovala?

Akuluakulu akumbukira masiku amene nsalu zambiri zinkachokera ku fakitale ya David Whitehead and Sons, imene idatsegulidwa mu Blantyre m'chaka cha 1967 nkumaomba nsalu ndi thonje la alimi a m'dziko muno. Munthu ankagula nsalu, kupita nayo kwa telala wa pakhonde la sitolo, ndipo chovalacho chinkavalidwa ndi mkulu, mng'ono wake, kufikira chitsiriza. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 kaunjika adafala ponseponse, ndipo lero ambiri a ife tavala iyeyo.

Sindinyoza kaunjika. Waveka ana ambiri amene akadayenda ndi nsanza, ndipo chovala chovalidwa kawiri nchabwino kuposa chotayidwa chikadali cholimba. Koma kaunjika ali ndi msampha wake. M'maiko olemera masiku ano amasoka zovala zambirimbiri za nsalu yopepuka zoti munthu avale kangapo nkutaya, ndipo zambiri mwa izo zimathera m'mabelo obwera ku Africa. Pa msika wa Kantamanto mu mzinda wa Accra, ku Ghana, pamafika zovala pafupifupi 15 miliyoni pa mlungu, ndipo bungwe la The Or Foundation lidawerengera kuti zinayi mwa khumi zilizonse zimasanduka zinyalala. Zina zimakathera m'mbali mwa nyanja. Si zimene tifuna kudzaona pa mchenga wa Chikale.

Tiyeni tiwerengere pamodzi, mongoyerekeza. Pa mulu pali malaya a mwana a K4,000 a nsalu yoonekera dzuwa, amene atha pa miyezi iwiri. Pambali pali ena a K9,000 a nsalu yolimba, amene atha chaka chathunthu. Wogula oyambawo adzabwerera ku msika kasanu ndi kamodzi pa chaka, ndipo adzaononga K24,000. Wotchipa ndi uti pamenepa? Chovala chimodzi cholimba chiposa zitatu zongokongola.

Posankha, tambasulani chovalacho moyang'ana kudzuwa kuti muone pamene nsalu yaperepeseka. Kokani pang'ono pa misoko, yang'anani m'khwapa, m'khosi ndi pakati pa miyendo. Kuno ku nyanja kumatentha, chomwecho nsalu ya thonje ndiyo yabwino, chifukwa imamwa thukuta ndipo thupi limapuma. Nsalu ya nayiloni imasunga thukuta, imayambitsa zotupa ndi zipere m'malo obisika, ndipo ikagwira moto imasungunuka nkumatirira pa khungu. Mwana wosewera pafupi ndi mafuwa asavale zotere. Kwa mwana gulani chokulirapo, mupinde, mudzapindulule chaka chamawa.

Mukafika nacho kunyumba, chovala cha kaunjika chisavalidwe chisanachapidwe. Chayenda ulendo wautali, chaunjikidwa pansi, ndipo chayesedwa ndi anthu ambiri pa msika. Mphere ndi nsabwe zimayenda m'zovala. Chichapeni ndi sopo ndi madzi otentha, chiyanikeni pa chingwe padzuwa lamphamvu, ndipo chisiteni mbali zonse, makamaka m'misoko. Musayanike pansi, pakuti pali ntchentche imene imaikira mazira pa zovala zonyowa, ndipo mphutsi zake zimalowa m'khungu la mwana nkuchita ngati zithupsa. Simbi yamoto imapha mazira amenewa. Zovala zam'kati zokha, yesetsani kugula zatsopano, ngakhale ziwiri zokha zosinthanitsa.

Nsapato musaziike kumapeto. Njoka zina za m'mimba zimene zimamwa magazi a mwana zimalowera ku mapazi, pamodzi ndi matekenya. Ngati ndalama ikwanira chimodzi chokha, pakati pa diresi lachitatu ndi nsapato zoyamba, gulani nsapato.

Ndipo tisaiwale singano. Chigamba si manyazi. Batani likaduka lero, lisokeni lero. Telala wa pa msika amabweza kolala, amafupikitsa buluku, ndipo diresi la mayi amalisandutsa masiketi a ana awiri pa mtengo wochepa, ndalamayo nkutsala m'dera lathu lomwe lino. Chovala chikatheratu chikhale chopukutira kapena chopondera pakhomo. Musachitaye m'nyanja, ndipo cha nayiloni musachiotche pafupi ndi nyumba, chifukwa utsi wake ngoipa pa chifuwa.

Nyanja ndiyo nkhokwe yathu

Wogula naye ali ndi mlandu pa zimene zimachitika m'nyanja. Timadandaula kuti chambo chasowa ndipo chadula, koma ndife tomwe timathamangira mulu wa kasawala, ana a chambo amene sanaswepo, chifukwa ngotchipa. Msodzi amapha chimene chili ndi malonda. Ena amafika posoka masikito olandira ku chipatala nkuwasandutsa khoka, lokokolola ndi timwana tomwe. Pamenepo banja laluza kawiri: ana agona pa udzudzu usiku uno, ndipo nsomba za chaka chamawa zaphedwa lero. Boma limaletsa makoka ena m'miyezi ya Novembala ndi Disembala, pamene chambo chimaswana, ndipo makomiti a asodzi a m'madoko amayang'anira malamulowa. Tiwathandize pokana kugula tinsomba tosakhwima. Munthu wanzeru sakazinga mbeu.

Chimodzimodzi ndi majumbo. M'chaka cha 2015 boma lidaletsa mapepala a pulasitiki opyapyala, ndipo mu Julayi 2019 Khoti Lalikulu la Apilo lidagwirizana ndi chiletsocho. Chifukwa chake chili poyera. Jumbo siliola. Limatseka ngalande, madzi nkumaima, udzudzu nkumaswana. Mbuzi ikalimeza imafa. Mvula ya kuno, imene ndi yambiri kuposa ya madera ambiri m'dziko muno, imakokololera zonse m'nyanja momwe timasamba, kuchapa ndi kupha nsomba. Agogo athu ankapita ku msika ndi dengu, botolo la mafuta ndi mbale yovundikira ya nsomba. Tiyambirenso. Jumbo limene mumagula tsiku ndi tsiku, muwerengere mtengo wake pa mwezi, mudzaona kuti mwataya sopo.

Nkhuni ndi makala nazo zimadya ndalama ya ndiwo. Bungwe la Ripple Africa, limene lidayambira ntchito zake ku Mwaya m'boma lomwe lino, laphunzitsa mabanja ambiri kumanga chitofu cha njerwa ndi dothi chotchedwa Changu Changu Moto. Chimatha nkhuni zochepa kuposa mafuwa, utsi umachepa, ndipo ana sagwera pamoto wamba. Amene simunachione, kachioneni kwa anzanu.

Koma ndalama imabwera ya tsiku limodzi

Tsiku lina, nditatha kulankhula mau ngati awa pa sikelo, mayi wina wachikulire adaimirira nati: "Alangizi, mwanena bwino, koma malaya a chaka chathunthuwo agulidwa ndi ndalama iti? Ine ndimapeza ya lero lokha." Anzake adaomba m'manja, ndipo ine ndidavomera kuti mayiyo adanena zoona. Wosauka amagula mafuta a pa kabotolo, shuga wa pa supuni ndi sopo woduladula, osati chifukwa cha umbuli, koma chifukwa ndalama yake imabwera modontha. Ndipo chodabwitsa nchakuti pogula pang'onopang'ono chotere amalipira zambiri kuposa wolemera amene amagula chigubu chathunthu. Umphawi umadzilipiritsa msonkho wake.

Yankho langa kwa mayi aja ndi ili: mutu umodzi susenza denga. Chimene mayi mmodzi sangathe, amayi asanu angathe. Asonkhe, agule chigubu chimodzi cha mafuta chotseka bwino, mtanda wa sopo wathunthu ndi paketi yaikulu ya mchere, agawane mofanana. Aliyense apeza zambiri ndiponso zaukhondo pa ndalama yomweyo. Magulu a banki m'khonde ndi a chipereganyu alipo kale m'midzi mwathu. Tsiku lolandira lisakhale la chitenje chatsopano chokha, likhalenso la nsapato za ana ndi chovala cholimba chija.

Chachiwiri ndi kudziwa nyengo. Asodzi amapha usipa usiku ndi nyali, ndipo umachuluka pa mdima, mwezi ukakhala kuti sukuwala. Mwezi ukawala, kapena mwera ukaomba m'miyezi yozizira, mabwato amabwerako opepuka ndipo mtengo umakwera. Gulani wambiri pamene watchipa, muuyanike pa thandala mpaka uume, muusunge pamalo ouma, okwera, ndi kumautulutsa padzuwa kawirikawiri. Masamba a maungu, khwanya ndi bonongwe zikachuluka m'dzinja, futsani. Mfutso wa mwezi wa Malichi ndiwo umapulumutsa ndalama mu Okutobala. Nyengo ya mango, ana adye mango, ndalama ya zotsekemera isungidwe.

Chachitatu ndi cha inu abambo. Usipa ukagwa bwino, ndalama ya msodzi imabwera yambiri tsiku limodzi, ndipo tonse tikudziwa kumene gawo lalikulu limathera dzuwa lisanalowe. Simungapatse akazi anu ndalama ya mulu umodzi wa tomato nkumayembekeza ndiwo zankhuli madzulo. Khalani pansi awiri, muwerengere zofunika za mwezi, mugule zosaonongeka msanga tsiku lomwe ndalama yalowa. Bambo wodziwa mtengo wa sopo sachita manyazi, ndiye mwini banja weniweni.

Ifenso tili ndi mbali yathu

Sikungakhale chilungamo kusenzetsa wogula katundu yense. Mayi sangaone poizoni wa chuku ndi maso, ndipo sangayeze ayodini mu mchere. Imeneyo ndi ntchito ya ife a zaumoyo, ya makhonsolo ndi ya bungwe loona za miyezo ya katundu la Malawi Bureau of Standards. Wogulitsa amene amadula chiphaso cha msika tsiku ndi tsiku ayenera kupeza chimbudzi chaukhondo, madzi osamba m'manja, benchi loikapo malonda ndi malo otayira zinyalala. Pamene izi zikusowa, makomiti a misika ndi mafumu alankhule, ndipo ife tidzawaperekeza. Ogulitsa ambiri ndi anthu oona mtima, ofuna kudyetsa ana awo monga inu nomwe. Tikalanda chakudya choonongeka sitidana ndi munthu, titeteza mwana wa wogulitsayo pamodzi ndi wanu. Mukaona choipa pa msika, musangong'ung'udza panjira, tiuzeni.

Pomaliza

Mawa pomanga mfundo ija pa chitenje, kumbukirani izi:

1. Yambani ndi chakudya cha ana, ndipo yambani ndi chimene chili pafupi: usipa, chigwada, mtedza, mbatata ndi zipatso za nyengo yake.

2. Chinthu chikatchipa modabwitsa, chiyang'aneni kawiri ndi kuchinunkhiza.

3. Chovala chimodzi cholimba chiposa zitatu zosachedwa kutha. Cha kaunjika chichapidwe, chiyanikidwe pa chingwe, chisitidwe.

4. Tengani dengu, botolo ndi mbale yanu. Kanani jumbo, kananinso kasawala.

5. Gulani pagulu, ndipo gulani pa nyengo imene zinthu zachuluka.

Palibe pa izi chimene chidzatsitsa mitengo ya pa msika. Koma banja lozitsata lidzaona kuti sopo akukhalitsa, malaya a mkulu akufika kwa mng'ono, ndipo mzere wa mwana pa khadi la sikelo ukukwera mwezi ndi mwezi. Mukatha kuwerenga magazini ino, musakulungire usipa. Ipatseni mnzanu amene mwakhala naye pa benchi, kapena muwerengereni ngati sadziwa kuwerenga, ndipo mukafika kumudzi mukakambirane ndi a kunyumba kwanu.